Kutenga galu wamkota kumalo osungira agalu opanda mwini

Mukafika kumalo osungira agalu opanda mwini, oyamba kukulandirani ndi tiana ta agalu. Timadumphira waya, timakunyambitani zala, ndipo alendo ambiri amathera pomwepo. Galu wamkota sachita nawo zimenezo. Amagona kumbuyo kwa khola, mutu uli pa miyendo yakutsogolo, n'kumangokutsatani ndi maso. Wanga ndinamupeza chonchi. Anali ndi imvi kuzungulira pakamwa, dzina lake Tiger, ngakhale ukali wa dzinalo unali utatha kalekale. Eni ake oyamba anasamukira kunja, iye n'kukhala m'kholamo miyezi yambiri anthu akungomudutsa.

Ndinamutenga, ndipo sindidandaula. Koma ndinalakwitsa zinthu zingapo zimene inu mungazipewe mukatsata ndondomeko ili m'munsiyi.

Musanapite, kambiranani pakhomo

Ambiri kuno timaweta galu kuti azilondera. Ngati cholinga chanu ndi chimenecho basi, galu wokalamba musamutenge. Kuuwa amauwa, ndipo akauwa mudzuke ndithu, paja galu wamkota sakandira pachabe. Koma kugona panja usiku wonse m'mwezi wa June, kuthamangitsa wakuba, kulumpha ngalande, zimenezo thupi lake linatsazikana nazo. Mukumutenga kuti adzamalizire moyo wake pakhomo panu.

Ukalamba wa galu umadalira msinkhu wake. Agalu akuluakulu ngati German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel amayamba kukalamba ali ndi zaka 6 kapena 7. Timagalu tating'onoting'ono timafika zaka 10 tikadali tamphamvu. Agalu ambiri amakhala ndi moyo zaka 10 mpaka 13, choncho mukatenga wa zaka 8, werengerani zaka ziwiri mpaka zisanu muli naye, ndipo zomalizirazo ndi zodya ndalama.

Ngati mukukhala nyumba ya lendi, funsani alandilodi musanachite china chilichonse, ndipo ngati mpanda ndi umodzi ndi mabanja ena, nawonso amve. Kenako mukhale pansi ndi a m'nyumba mwanu. Adzimuphikira ndani? Adziola zoipa zake ndani? Kukagwa maliro kumudzi, nonse n'kunyamuka masiku anayi, galuyo atsala ndi yani? Funso la malirolo anthu amaliseka, koma ndi limene limasiyitsa agalu ambiri ndi njala. Mupezeretu munthu, mumutchule dzina, ndipo iyeyo avomere. Ana akalonjeza kuti azichita zonse okha, amvereni, koma mumtima dziwani kuti ntchitoyo ndi yanu.

Lembaninso ndalama papepala, ndi mitengo ya lero: chakudya cha mwezi, mankhwala a nkhupakupa, mankhwala a njoka za m'mimba, katemera, ndi ndalama ina yongosunga ya matenda adzidzidzi. Mukaona kuti yosungayo siingapezeke, dikirani kaye. Palibe chamanyazi pamenepo.

Kumalo osungira agaluwo

Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo onsewa amalandira agalu otayidwa n'kuwapezera mabanja atsopano. Imbani foni kaye, munene kuti mukufuna galu wachikulire. Musadabwe akakufunsani mafunso ambiri, kapena akafuna kudzaona mpanda wanu asanakupatseni galu. Konzekeraninso kulipira kandalama, poti galuyo amakhala atadya, atabayidwa katemera ndi kulandira mankhwala pa ndalama zawo.

Nanunso funsani, ndipo mufunse amene amatsuka makola ndi kudyetsa agaluwo tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi amene amawadziwa bwino kuposa a mu ofesi. Anabwera bwanji galuyu? Analumapo munthu? Amatani akaona mwana, mphaka, nkhuku? Za nkhukuzo musaiwale. Galu wozolowera kugwira nkhuku sasiya chifukwa cha imvi, ndipo nkhuku imodzi ya aneba ikhoza kukudanitsani chaka chathunthu. Funsani ngati anafulidwa, kapena ngati ndi wamkazi, ngati anatsekedwa. Pemphani khadi lake la katemera, ndipo mufunse chimene wakhala akudya ndi nthawi imene amadya.

Kenako mutulutseni m'khola muyende naye pa chingwe mphindi khumi kapena kupitirira. Apa ndi pamene pali phindu la galu wamkota: chimene mukuona ndi chomwecho. Kamwana ka galu simungadziwe kuti kadzakula bwanji kapena kadzakhala ndi mtima wotani, koma uyu msinkhu wake ndi womwewo, khalidwe lake linakhazikika, ndipo za kutafuna nsapato anasiya kale. Muone m'mene akudzukira pansi, ngati akutsimphina, ngati akutsokomola, ngati akuwomba zinthu poyenda. Imani kumbuyo kwake muombe m'manja, muone ngati makutu agwedezeka. Mukapeza vuto sindiye kuti mumusiye. Mungodziwiratu chimene mukutenga.

Ngati kunyumba muli ndi galu wina, pemphani kuti awiriwo akumane kaye kumalo komweko kapena pamsewu, aliyense pa chingwe chake, osati pakhomo panu pamene wakaleyo amati ndi pake. Ndipo ngati n'kotheka, pitani kawiri musanasankhe.

Konzani pakhomo iye asanafike

Zungulirani mpanda wonse muone mipata, makamaka pansi pa geti ndi pa ngalande yotulutsira madzi. Chotsani mankhwala a makoswe, feteleza ndi mankhwala opopera mbewu pamalo pamene angafike. Malo ake ogona akhale a mthunzi, osadontha, osawomba mphepo, ndiponso osafuna kukwera masitepe. Simenti yopanda choyala ndi mdani wa mafupa okalamba. Chidutswa cha matiresi akale chokutidwa ndi thumba kapena bulangete lakutha n'chokwanira, bola chizichapika. Ngati azilowa m'nyumba ndipo pansi panu ndi pa matailosi kapena popolishidwa, yalani mkeka kapena kapeti m'njira imene azidutsa, chifukwa miyendo yake yakumbuyo imaterereka ndipo akagwa kamodzi amaopa kudutsanso.

Unyolo iwalani. Galu wongokhala pa tcheni usana wonse amalusa, ndipo wokalamba mfundo zake zimauma msanga.

Masiku oyamba

Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinafika naye Loweruka masana, ana a m'mudzi onse ali pakhomo. Anamuzungulira, wina akumusisita mutu, wina akukoka mchira kuti aone ngati agwedeze. Tiger analowa pansi pa galimoto ndipo anatuluka dzuwa litalowa. Masiku awiri sanadye. Ine pomumvera chisoni ndinakagula nyama yamafuta kubutchala n'kumukazingira mbale yodzaza. Anadya yonse, ndipo usiku umenewo anatsegula m'mimba khonde lonse. Mayi a kunyumba anangondipatsa chidebe ndi tsache osanena kanthu.

Inu chitani mosiyana. Bwerani naye tsiku limene pakhomo pali zii, ndipo inuyo mukhalapo masiku awiri kapena atatu. Mukatsika naye, muyendetseni pa chingwe kuzungulira mpanda, mumuonetse pokodzera, pamene pali madzi ndi pogona, kenako mumusiye. Musamusambitse tsiku lomwelo, musaitane anzanu kudzamuona, musamukakamize kusewera. Khalani chapatali muzichita zanu. Adzabwera yekha kudzakununkhizani, mwina mawa, mwina mkuja. Kusadya tsiku loyamba si zachilendo. Koma akakana madzi, kapena akadutsa masiku awiri osalawa kanthu, kapena akusanza, imbirani dokotala wa ziweto.

Masabata oyambirira geti likhale lotseka nthawi zonse, ndipo alendo ndi antchito muwauze. Galu wamkulu amakumbukira kumene anachokera ndipo akapeza mpata amanyamuka kubwerera komweko. Mumuveke kolala yokhala ndi nambala yanu ya foni. Dzina musalisinthe ngati akulidziwa, wataya kale zambiri.

Ana muwaphunzitse malamulo atatu ndipo muwabwereze mpaka atope nawo: galu akudya sakhudzidwa, galu akugona sadzidzimutsidwa, galu sakweredwa pamsana. Agalu okalamba ambiri samva bwino, ndiye mwana akamugwira mwadzidzidzi ali mtulo amatha kuluma asanadziwe n'komwe kuti ndi ndani. Pofuna kumudzutsa, pondani pansi mwamphamvu pafupi naye kapena ikani dzanja pafupi ndi mphuno yake kuti fungo limudzutse. Akaonetsa mano kapena kulira cham'khosi, musamumenye. Akukuuzani kuti china chikumupweteka kapena akuopa, ndipo galu amene wamenyedwa chifukwa chochenjeza, ulendo wina amangoluma osachenjeza.

Akakodza m'nyumba, pukutani, mumutulutse pafupipafupi, makamaka akangodzuka ndi akangodya. Pakatha masabata atatu amakhala atadziwa nthawi ya chakudya ndi phokoso la geti. Kuti akhazikike mtima kwenikweni pamatenga miyezi. Tiger anayamba kugona chagada, miyendo m'mwamba, mwezi wachitatu.

Kwa dokotala wa ziweto

Pitani naye m'sabata yoyamba kapena yachiwiri ngakhale akuoneka bwino, ndipo kuyambira pamenepo muzipita naye miyezi 6 iliyonse. Pa galu wamkota theka la chaka ndi nthawi yaitali.

Choyamba ndi katemera wa chiwewe, ndipo pa ichi palibe kukambirana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kulibe. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mu Blantyre kuyambira 2015, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse, umene ndi mlingo wodula kufala kwa matendawa. A zaziweto a boma nawonso amabaya agalu, makamaka nthawi yoyandikira 28 September, tsiku lokumbukira matendawa. Ukalamba sumuchotsa galu pa mzere umenewu. Sungani khadi lake pamalo amodzi ndi mapepala anu ofunika, chifukwa akadzaluma munthu, chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi khadilo. Wolumidwayo atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Dokotala amuone m'kamwa. Galu wamkulu amakhala ndi mano 42, ndipo pofika zaka 8 ena amakhala atawola kapena kugwedera. Fungo loipa kwambiri, dovu, kutafunira mbali imodzi, kusiya chakudya cholimba, zonsezi ndi mano, si ukalamba chabe. Amupapase thupi lonse kufuna zotupa, makamaka m'mawere ngati ndi wamkazi. Ngati mungakwanitse, ayezedwe magazi kuti muone impso ndi chiwindi pamene zili.

Galu wamkazi wosatsekedwa ali ndi ngozi yakeyake. Pakapita masabata angapo chitherereni nyengo yake yofuna amuna, chiberekero chimatha kudzaza mafinya. Amafooka, amamwa madzi kwambiri, amakana chakudya, nthawi zina mafinya amatuluka kumaliseche, nthawi zina satuluka. Zimenezi sizidikira mawa, amafunika opaleshoni. Kambiranani ndi dokotala za kumutseka zisanafike pamenepo.

Mankhwala a anthu musamupatse mwa nzeru zanu. Brufen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo Panado wopyola muyezo amawononga chiwindi. Mankhwala a ululu opangira agalu alipo, dokotala ndiye akupatseni malinga ndi kulemera kwa galuyo.

Chakudya

Sabata yoyamba mupatseni chomwe ankadya kumene wachokera. Ngati mukufuna kusintha, sakanizani pang'onopang'ono kwa masiku 7, chatsopano chikuchuluka, chakale chikuchepa.

Chakudya cha agalu cha m'matumba ndi chabwino ngati thumba lanu likulola. Ambirife timaphika, ndipo palibe cholakwika, bola tisanamizane kuti mkute ndi makoko a m'poto ndi chakudya cha galu. Nsima yokha imakhutitsa koma minofu ya galu wokalamba imasungunuka popanda ndiwo. Phikani phala lolimba la mgaiwa, muikemo usipa kapena bonya wosinja, dzira lophika, zam'kati za nkhuku kapena ng'ombe, ndi dzungu kapena mbatata pang'ono. Nsomba zouma zikakhala zamchere, ziviikeni kaye. Mphika wake ukhale wakewake, wopanda anyezi, adyo, tsabola kapena mchere, chifukwa anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu, ndipo ndiwo zathu zambiri zimakhala ndi anyezi. Chokoleti ndi mphesa, zouma zomwe, asalawe. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka ngati singano ndipo amabaya matumbo. Chitsononkho cha chimanga nachonso chimatseka matumbo akachimeza.

Mugawireni kawiri pa tsiku m'malo mwa mulu umodzi madzulo, ndipo ngati mano ndi ovuta, chakudya chikhale chofewa. Musamunenepetse poganiza kuti ndicho chikondi. Kilogalamu iliyonse yowonjezera imatsamira pa mfundo zowawa kale. Mukasisita m'mbali mwake nthiti zizimveka m'manja koma zisamaoneke patali.

Madzi asamasowe usana ndi usiku, ndipo muzidziwa kuchuluka kwa amene akumwa. Galu wa makilogalamu 20 amamwa pafupifupi lita imodzi pa tsiku, kupitirirako pang'ono kukatentha. Akayamba kumaliza malita awiri kapena kuposa masiku otsatizana, n'kumakodza pafupipafupi, kungakhale impso kapena shuga. Musamuchepetsere madziwo, pitani naye akamuyeze.

Chaka chonse ndi nyengo zake

Muyendetseni tsiku lililonse, maulendo awiri aafupi m'malo mwa umodzi wautali, iye ndiye aziika liwiro. Musiyeni anunkhize mpaka akhutire, poti maso ndi makutu zikamatha, mphuno ndiyo imatsala. Zikhadabo za galu wosayenda kwambiri zimakula mpaka kupindika ndi kumusokoneza mayendedwe, choncho muziwenga.

Mu October ndi November muziyenda naye m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pa tala. Ngati simungapirire, mapazi akenso sangapirire. Akamapuma mwawefuwefu osaleka, lilime lili panja, miyendo ikugwedera, mupititseni pa mthunzi, mumuthire madzi ozizirira bwino, osati a mufiriji, ndipo muimbire dokotala. Mu June ndi July nyamakazi imalusa. Mudzaona akuchedwa kudzuka m'mawa, akuzungulirazungulira asanagone pansi. Muwonjezereni bulangete, ndipo ngati n'kotheka agone mkati, ngakhale m'khitchini.

Dzinja limabwera ndi nkhupakupa, ndipo nkhupakupa ndizo zimapha agalu ambiri mwakachetechete. Madzulo aliwonse mupapaseni m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Mukaipeza, igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka, osaiwotcha ndi machesi. Zolowerani kukweza mlomo wake n'kuona nkhama. Za galu wabwino zimakhala zofiirira. Zikayera ngati pepala kapena kuoneka zachikasu, iye atafooka, osadya, mkodzo uli woderapo, amenewo angakhale matenda a nkhupakupa ndipo tsiku limodzi lochedwa limatha kumutenga. Mankhwala oteteza alipo a mitundu ingapo, akumwa, odontheza pakhosi ndi osambitsa. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ambiri, ndipo oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere ndi poizoni, si mankhwala. Mankhwala a njoka za m'mimba mupatseni miyezi itatu iliyonse.

Nyengo yomweyi muzionanso mphutsi za pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena pa zofunda zachinyezi zonunkha mkodzo, ndipo galu wokalamba, amene amagona malo amodzi nthawi yaitali, amatha kugwidwa nazo. Mudzaona kachithupsa kokhala ndi kabowo pakati. Pakani Vaseline pa kabowoko, mphutsiyo ikasowa mpweya imasuzumira ndipo mutha kuifinya ituluke yathunthu, kenako tsukani balalo. Zofunda zake muzichapa n'kuziumitsa ndithu, ndipo pogona pake pasamakhale dothi lonyowa.

Mabingu a mvula yoyamba ndi makombola a pa Chaka Chatsopano amathawitsa agalu ambiri. Masiku amenewo mutsekereni mkati kusanade. Ndipo m'mawa uliwonse, musanamutulutse, yendani m'mphepete mwa mpanda. Akuba amaponya nyama yothira tameki, ndipo galu amene wadya amayamba dovu, kunjenjemera ndi kugwa m'mphindi zochepa. Nambala ya dokotala ikhale m'foni ya aliyense wa pakhomopo, mlonda yemwe.

Zikayamba kutha

Idzafika nthawi imene azidzayima pakona osadziwa kotulukira, kapena kulira usiku popanda chifukwa, kapena kudziipitsira pogona. Musamukalipire, sakuchita dala. Ngati maso achita ng'ala, musasunthe mipando ndi mbale zake, amayenda ndi mapu a m'mutu. Miyendo yakumbuyo ikafooka, pisani chitenje kapena thaulo pansi pa mimba yake muzimuthandiza kudzuka ndi kupita kokakodza.

Tengani kalendala muzilemba madzulo aliwonse ngati tsikulo linali labwino kapena loipa: wadya, wadzuka yekha, wakulandirani pa geti? Mtima umanama, koma kalendala siinama. Masiku oipa akachuluka kuposa abwino, ndipo mankhwala a ululu asiya kugwira, kambiranani ndi dokotala za jekeseni womugonetsa tulo tosadzukanso. Kwathu kuno ambiri zimenezi sitinazizolowere, ena amati ndi nkhanza, ena amangomutaya galuyo kutali kuti akafere kumeneko. Ine ndinaona kuti jekeseniyo ndi wachifundo kuposa zonsezo. Sachedwa, ndipo galuyo amangokhala ngati wagona. Funsani ngati dokotala angabwere kunyumba, ndipo inuyo mukhalepo, dzanja lili pamutu pake. Ana muwauze zoona dzulo lake kuti atsazike.

Dzenje likhale lakuya kupitirira mita imodzi, kutali ndi chitsime kapena mjigo, ndipo pamwamba muikepo miyala, chifukwa mankhwala a jekeseniyo amatsala m'thupi ndipo akhoza kupha galu wina kapena fisi amene angafukule. Tiger tinamuika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala pamene ankakonda kugona masana, atakhala nafe zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Mbale zake, kolala ndi mankhwala a nkhupakupa amene anatsala ndinakazisiya kumalo komwe ndinamutenga, poti kumeneko zinthu zotere sizikwana.